Penti, dayi kapena chikombole: njira zokonzera soli ya ma sneaker opanga nokha

Pa nsapato yonse, soli ndiyo imazunzika. Imapindika ulendo uliwonse phazi likanyamuka, imakhula pansi, imalowa m'matope, imapsa ndi dzuwa. N'chifukwa chake munthu angathe kusoka pamwamba pa sneaker mwaluso, chikopa ndi nsalu zonse zili m'malo mwake, koma soli n'kumuchititsa manyazi pasanathe sabata. Amene akupanga nsapato yotengera maonekedwe a ina yotchuka, kaya yoti avale pa sewero, kaya akudzutsa yakale ya pa kaunjika, ali ndi njira zinayi: kupaka penti, kudaya, kudula mapepala a EVA (zopepuka zija amapangira patapata) ndi labala n'kuwamata, kapena kuumba soli yatsopano m'chikombole. Imene ingagwire ntchito imadalira chimene soliyo inapangidwira komanso ngati nsapatoyo idzayenda pamsewu kapena idzangokhala yoonera.

Yambani mwadziwa chimene mwagwira m'manja

Soli ya sneaker nthawi zambiri imakhala ndi zigawo ziwiri. Chapakati, chokhuthala chija chimene chimaoneka m'mbali, chimakhala cha EVA kapena cha polyurethane. Chapansi, chimene chimagunda nthaka, chimakhala cha labala.

EVA ndi ija ya patapata: yopepuka, yosamwa madzi, ndipo mukaidinda ndi chikhadabo pamatsala kachizindikiro kamene kamabwerera pang'onopang'ono. Imaopa moto, ikatenthedwa kwambiri imakhwinyata ndipo sibwereranso. Polyurethane ndi yolemerako, khungu lake losalala, kawirikawiri lopakidwa kale penti kufakitale. Vuto lake ndi chinyezi. Ikakhala zaka zambiri, makamaka yosavalidwa, madzi a mumpweya amaidya mkati mpaka imayamba kufumbutuka ngati chigumu chouma. Soli yotere musaitayire penti kapena guluu. Ikanikizeni ndi chala pa chidendene. Ikang'aluka kapena kutuluka ufa, yatha, ikufunika ina. Labala ndi wolemera, wonyunduka, ndipo ena amakhala oonekera mkati ngati madzi oundana. Amenewa ndi amene amasanduka achikasu akamakalamba.

Penti

Penti ndi njira yotsika mtengo ndiponso yokhayo imene ingasandutse soli yakuda kukhala yoyera. Koma amangokhala pamwamba, salowa mkati, choncho malo ake ndi m'mbali mwa soli basi. Pansi popondera, penti aliyense amachoka tsiku lomwelo pa msewu wa tara. Palibe mankhwala othira pamwamba amene angasinthe zimenezi.

Wofunika ndi penti wa acrylic wopangira zikopa, monga wa Angelus, chifukwa akauma amatha kupindika. Penti wa mafuta wa m'nyumba kapena wopopera galimoto amauma gwa, ndiye pamene phazi limapindikira pafupi ndi zala amayamba ming'alu, kenako n'kusupuka zigamba.

Ntchito yaikulu ili pokonza soli musanatsegule n'komwe botolo la penti. Tsukani ndi sopo, iume. Pukutani ndi thonje lonyowetsa mu acetone mpaka kunyezimira konse kutachoka. Ngati pali penti wakale wa kufakitale, achoke yense. Acetone wogulitsa ku hardware ndi wabwino kuposa wochotsera kyutekisi, amene nthawi zambiri amakhala ndi mafuta osamalira zikhadabo, ndipo mafutawo amatsalira pa soli. Musasiye acetone akudikha pamene soli yakumana ndi chikopa, amasungunula guluu. Kenako khulani pang'ono ndi sandipepa wa nambala 400, pukutani fumbi, matani tepi pa chikopa ndi pa labala wapansi.

Pakani mopyapyala kanayi kapena kasanu, kudikira mphindi 15 mpaka 20 pakati pake. Ulendo woyamba pamaoneka mizere ndipo mtundu wakale umaonekerabe. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kuthira penti wambiri kamodzi, ndipo wokhuthalayo ndi amene amang'aluka, chifukwa kunja amauma mkati mudakali mwamadzi. Pa zigawo za pulasitiki wolimba, monga kachikho ka kuchidendene, sakanizani penti ndi Angelus 2-Hard muyeso wofanana kuti agwire. Mukamaliza pakani kawiri finisher wa acrylic, mankhwala oonekera mkati oteteza penti, wosawala ngati mukufuna maonekedwe a kufakitale, ndipo nsapato ikhale maola 24 mpaka 48 isanavalidwe.

Pa polyurethane penti amakhalitsa. Pa EVA amagwira koma makwinya a EVA-yo amamuthyola m'kupita kwa nthawi. Pa labala, monga lamba woyera wozungulira nsapato za kanvasi za mtundu wa Converse kapena Vans, ndiye povuta kwambiri: labala amatulutsa timafuta take pang'onopang'ono ndipo penti amanyamuka ngati chikopa cha njoka. Pamenepo konzekerani kumabwereza.

Dayi

Dayi amalowa m'kati, choncho sang'aluka ndiponso sabisa maonekedwe a soli. Pa labala woonekera mkati ndiye njira yokhayo yabwino, popeza penti angaphe kuonekera kumene mukukufunako. Koma ali ndi malire awiri. Sangawalitse chinthu, amangochidetsa. Ndipo amasakanikirana ndi mtundu umene waupeza. Soli yachikasu mukaithira dayi wabuluu imatuluka yobiriwira ngati ndere.

Ndiye chikasucho chiyambe chachoka. Amagwiritsa ntchito peroxide wa ku saluni, wa phala, wolembedwa 40 volume, amene mphamvu yake ndi 12 peresenti. Pakani pa labala pokha, kutani ndi pulasitiki woonekera kuti asaume, ikani padzuwa soli itayang'ana kumwamba kwa ola limodzi, tsukani, bwerezani mpaka itayera. Valani magolovesi, amawotcha khungu. Dzuwa la mu Okutobala ndi loopsa pa ntchito imeneyi: labala amayera msanga, inde, koma guluu amafewa ndipo soli imayamba kuyasama kutsogolo. Dzuwa lam'mawa limakwana, ndipo mbali yotsala ya nsapato ifunditseni nsalu yonyowa. Dziwaninso kuti chikasu chimabweranso pakapita miyezi.

Dayi alipo wa mitundu iwiri. Wa sipiriti, wodayira zikopa, amapakidwa ndi thonje kapena burashi osatenthetsa. Pa soli yoonekera mkati musungunuleni kwambiri ndi sipiriti, mwina gawo limodzi la dayi pa magawo asanu a sipiriti, mupake, mudikire mphindi zochepa, mupukute wotsala. Kuwonjezera mtundu n'kosavuta, kuuchotsa n'kosatheka, choncho yambani mofooka. Salowa patali, ndipo popondera amafufutika soli ikamadyeka, koma m'mizere ndi m'mbali amakhalamo.

Wina ndi wowiritsa, monga Rit DyeMore, wopangira nsalu ndi zinthu za pulasitiki. Amafuna madzi otsala pang'ono kuwira, cha m'madigiri 93, kwa mphindi pafupifupi 30. Amalowa bwino kuposa wa sipiriti, koma kutentha kumeneko kumamasula guluu yense wa nsapato ndipo EVA imakhwinyata. Ndi wa zigawo zimene mwazichotsa kale pa nsapato kapena simunazimate: labala wapansi, tizigawo tapulasitiki, zingwe. Mphika umene mwadayira usabwererenso kukhitchini. Dayi wamba wa zovala za thonje, uja wothira mchere, ndi wabwino pa kanvasi wapamwamba koma pa soli sachita kanthu. EVA nayo siimwa dayi mofanana, imatuluka mawangamawanga.

Kudula ndi kumata

Njira imeneyi anthu amaiderera chifukwa ilibe mankhwala odabwitsa, koma kwa nsapato yoti ivalidwe tsiku ndi tsiku ndiyo yodalirika. Osoka nsapato m'misika mwathu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, mpaka kudula matayala kupanga nkhwayira. Mumagula mapepala a EVA a mtundu umene mukufuna, okhuthala mamilimita 5 kapena 10, ndi pepala la labala wa soli la mamilimita 3 mpaka 5. Mtundu uli m'kati monse, ndiye palibe chosupuka.

Jambulani phazi la nsapato papepala, onjezani mamilimita 5 kuzungulira, dulani ndi mpeni wakuthwa. Sanjikizani: mapepala awiri kapena atatu kuchidendene, limodzi kapena awiri kutsogolo, ndipo la pakati mulisenge kuti litsetsereke bwino, chidendene chikwere mamilimita 8 mpaka 10 kuposa kuzala. Khulani mbali zonse zomata ndi sandipepa wa nambala 60 kapena 80. Pakani guluu wa contact mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 10 mpaka 15 mpaka asamamatirire ku chala, mutenthetse pang'ono ndi chowumitsira tsitsi, mugwirizanitse kuyambira kuzala, mukhome ndi hamala. Guluu ameneyu akagwira wagwira, simungasunthenso. Pa EVA pakani kawiri, chifukwa woyamba amamwedwa. Pakatha maola 24 sengani m'mbali ndi makina a sandipepa mpaka mupeze maonekedwe amene mukufuna. Mizere ndi timaenje mungazilembe ndi kachitsulo kotentha kowotcherera mawaya, muli panja chifukwa cha utsi.

Chimene njira imeneyi singathe ndi soli yokhala ndi khoma lokwera kukumbatira phazi, mapindikidwe ovuta, kapena zigawo zoonekera mkati. Mizere ya pamene mapepala akumana imaonekanso ngati mwayang'anitsitsa.

Chikombole

Apa ndi pamene pamapita ndalama, ndiponso pamene zinthu zambiri zimalakwika. Maganizo ake ndi omwe aja a woumba njerwa: chikombole chabwino chimodzi, masoli ambiri ofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti phazi lamanja ndi lamanzere lililonse limafuna chikombole chake, ndipo saizi iliyonse chimodzimodzi.

Poyamba pamafunika soli yachitsanzo. Ingakhale yochotsa pa nsapato ina, yosema pa thabwa kapena EVA, youmba ndi dongo lamafuta, kapena yosindikiza pa makina a 3D. Chilema chilichonse cha chitsanzocho, ngakhale chidindo cha chala, chidzatuluka pa soli iliyonse. Ndipo ngati pa chitsanzo pali chizindikiro cha kampani, chitsekeni ndi dongo. Kutengera maonekedwe kuti muvale nokha ndi nkhani ina; kugulitsa nsapato yokhala ndi chizindikiro cha eni ake ndi mlandu wa katundu wachinyengo.

Chikombole chimapangidwa ndi silikoni wa zigawo ziwiri zosakaniza, ndipo alipo wa platinum ndi wa tin, malinga ndi mankhwala omuumitsa. Wa platinum, monga Mold Star 15 wa kampani ya Smooth-On, amasakanizidwa muyeso wofanana, amakupatsani mphindi 50 zogwirira ntchito, amauma m'maola 4, safota ndipo amakhala zaka. Koma ndi wosachedwa kunyanyala. Akakhudza sulfure sauma, amangokhala phala lonanda. Sulfure amapezeka mu dongo lina lamafuta, m'magolovesi a latex, ndiponso, chimene ambiri amaiwala, mu labala weniweni wa soli, popeza labala amaphikidwa ndi sulfure kuti alimbe. Mukathira silikoni wa platinum pa soli ya labala osaiteteza, mwataya lita yonse. Popererani chitsanzocho vanishi wa acrylic kawiri kapena katatu, aume bwino, ndipo yesani kadontho kamodzi pakona musanathire zonse. Wa tin, monga Oomoo 30, savutika kwambiri ndi sulfure, ndi wotsikirako mtengo, amauma m'maola 6, koma amang'ambika msanga ndipo amafooka pakapita nthawi. Kwa masoli ochepa amakwana.

Palinso njira ya m'thumba lopanda kanthu: silikoni wa m'chubu wa ku hardware, uja wonunkha ngati viniga, kumukanda ndi ufa wosalala wa cornflour mpaka akhale ngati mtanda wa mandasi, n'kumumata pa chitsanzo. Amauma pasanathe ola. Amafota pang'ono, amasiya timphako ta mpweya m'mizere yaing'ono, koma pophunzirira ndi wabwino kuposa kuonongera silikoni wodula.

Bokosi la chikombole lisiye sentimita imodzi ndi theka kuzungulira soli. Pa saizi 42 zimenezi zimadya silikoni woposa lita imodzi pa phazi limodzi. Thirani kuchokera pamwamba, kamtsinje kakang'ono, pakona imodzi, silikoni aziyenda yekha kukwera pa chitsanzo. Mpweya umathawa bwino motero. Soli yafulati imafuna chikombole chotseguka pamwamba. Yokhala ndi khoma imafuna cha zigawo ziwiri, chokhala ndi timabowo tolumikizira kuti zisaphonyane, bowo lothirira, ndi timabowo totulutsira mpweya pamalo okwera. Pakati pa zigawo ziwirizo pakani Vaseline mopyapyala, apo ayi silikoni amagwirana n'kukhala chimwala chimodzi chitsanzo chili mkati.

Chothira m'chikombole chisakhale silikoni. Palibe guluu wa nsapato amene amagwira silikoni, komanso amang'ambika. Resin wolimba nayenso ayi, amathyoka ndiponso amaterera. Chofunika ndi labala wa urethane, amene amabwera mu mabotolo awiri osakaniza, A ndi B, ndipo kulimba kwake amakuyeza ndi nambala za Shore A. Pansi pa nsapato pamafunika 60 mpaka 80. Tayala la galimoto lili cha m'ma 60 mpaka 70. VytaFlex 60 amasakanizidwa muyeso wofanana ndipo amachotsedwa m'chikombole pakatha maola 16. PMC-780 ndi wolimbirapo, magawo awiri a A pa gawo limodzi la B, ndipo amafuna maola 48. Wofewa kuposa 50 amamveka bwino kuponda koma amadyeka ngati sopo.

Kulemera ndi kumene kumadabwitsa oyamba kumene. Pansi pa soli ya saizi 42 ndi pafupifupi masikweya sentimita 220. Labala wokhuthala mamilimita 5 ndi mamililita 110, magalamu ongopitirira 110, zabwinobwino. Koma mukathira soli yonse yokhuthala masentimita 3 ndi urethane yekhayekha, ndi magalamu pafupifupi 700 phazi limodzi, jombo ya msilikali kuchepa. Choncho thirani urethane ngati chikhungwa chopyapyala, mkati muikemo EVA yodula, kapena thovu la urethane lonyunduka monga FlexFoam-iT! 17. Thovuli limafufuma koposa katatu, ndipo mukasakaniza muli ndi mphindi imodzi yokha lisanayambe kukwera. Chikombole chake chimangidwe ndi matabwa ndi zopanira, chifukwa likamafufuma limakankha chivindikiro. Thovu lokha pansi silingapirire msewu, lifunika labala pansi pake.

Kuti mudziwe muyeso, dzazani chikombole ndi mpunga, muuyeze m'kapu ya mamililita, muwonjezere gawo limodzi pa magawo khumi la zotsalira m'kapu. Mpunga ndi wabwino kuposa madzi pa chifukwa chachikulu: urethane ndi madzi ndi adani. Gawo A likakumana ndi chinyezi limatulutsa mpweya, ndipo soli imatuluka ndi timabowo ngati siponji. Ndodo yothakasira yamtengo, kapu yapepala, chikombole cha pulasitala chosauma bwino, ngakhale mpweya wa m'dzinja, zonse zimabweretsa chinyezi. Gwiritsani ntchito makapu ndi zothakasira zapulasitiki, ndipo ntchitoyi ikhale ya m'chilimwe. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mudzataya zambiri. Botolo likatsegulidwa limayamba kuonongeka, choncho gulani lokwanira ntchito imene ilipo. Kutentha nako kumafupikitsa nthawi: mphindi zolembedwa pa botolo ndi za madigiri 23, ndipo ku Chigwa cha Shire kapena kunyanja masana zimachepa kwambiri. Thirani m'mawa.

Soli ikatuluka yonanda, chifukwa chake nthawi zambiri ndi muyeso wolakwika kapena kusathakasa m'mbali ndi pansi pa kapu. Thakasani mphindi zitatu, tsanulirani m'kapu ina yoyera, thakasaninso. Mtundu umathiridwa mu gawo B musanaphatikize ndi A, ndipo ukhale wopangira urethane, monga SO-Strong, madontho ochepa chabe. Penti wa acrylic ali ndi madzi, musamuyese. Werengani madonthowo ndi kulemba, apo ayi phazi lamanja ndi lamanzere adzasiyana mtundu. Urethane wamba nthawi zambiri amakhala wofiirira mwachibadwa ndipo amada ndi dzuwa, ndiye soli yoyera mbee ndi yovuta kuipeza; yakuda, yotuwa ndi ya mtundu wa uchi ndi zosavuta.

Yoonekera mkati ndiyo yovuta kuposa zonse. Clear Flex 50 amayezedwa pa sikelo, gawo limodzi la A pa awiri a B, ndipo kathovu kalikonse kamaoneka. Popanda makina okoka mpweya kapena mphika wa mphamvu ya mpweya, simungapeze soli yoyera ngati galasi. Chikombole chatsopano cha tin chimasiyanso khungu la soliyo lonanda. Mankhwala onsewa a urethane ali ndi isocyanate, amene amayambitsa ziwengo ndi chifuwa chobanika kwa munthu amene amawapuma kawirikawiri. Gwirirani ntchito podutsa mphepo, ndi magolovesi a nitrile, magalasi, ndi chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera mpweya wa mankhwala. Kansalu ka fumbi sikathandiza.

Kumata soli youmba pa nsapato kulinso ndi msampha wake. Mafuta opopera m'chikombole kuti soli isakakamire amatsalira pa soliyo, ndipo guluu sagwira. Tsukani ndi sopo wa mbale, pukutani ndi acetone, khulani ndi sandipepa wa nambala 60 mpaka kuwala konse kuthe. Guluu wa polyurethane wa nsapato amagwira urethane bwino kuposa wa contact wamba wachikasu uja. Ngati soli ili ndi khoma, ipatseni wosoka nsapato aizungulize ulusi wa nayiloni. Ulusi umapirira pamene guluu walephera.

Nanga musankhe iti

Ngati soli ndi yolimba ndipo vuto ndi mtundu wa m'mbali, penti akwana, madzulo awiri ntchito yatha. Ngati ndi labala woonekera mkati, peroxide kenako dayi wa sipiriti. Ngati soli yafumbutuka ndipo nsapato ndi yoyendera, kudula EVA ndi labala kumaposa chikombole pa mtengo, pa kupepuka ndi pa kukhalitsa, ndiponso zipangizo zake zimapezeka kwa ogulitsa za osoka nsapato pamene silikoni ndi urethane muyenera kuitanitsa ku South Africa kapena kutali. Palinso njira yachidule imene akatswiri ambiri amaikonda: kugula pa kaunjika nsapato yong'ambika pamwamba koma soli yabwino ya saizi yomweyo, kutenthetsa guluu, kuchotsa soliyo n'kuisamutsa.

Chikombole chimayenera pamene maonekedwe amene mukufuna sapezeka kwina kulikonse, kapena mukufuna mapeyala angapo ofanana, monga a gulu la zisudzo kapena la magule. Pa peyala imodzi, silikoni yekha amadya ndalama zoposa nsapato yatsopano. Ndipo kawirikawiri nsapato imodzi imafuna njira zingapo pamodzi: pakati EVA yodula, pansi labala wogula, tizigawo tokongoletsa ta m'mbali toumba m'kachikombole kakang'ono ka mamililita 200, penti pa mizere yokha imene sigunda pansi.